Kukonza Malamulo a Kalasi ya Chingerezi ku Sekondale

Mphunzitsi wa Chingerezi amasenza katundu wolemera kuposa anzake ambiri. Mwana akhoza kuchita bwino pa Masamu, Biology ndi Agriculture, koma akapeza 9 (giredi yolephera) pa Chingerezi, MANEB simupatsa satifiketi ya MSCE. Nako ku mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, ndipo pakati pawo payenera kukhala Chingerezi. Choncho malamulo a kalasi imeneyi asamangofuna bata. Ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti sabata iliyonse mwana wawerenga, walemba, ndiponso wakonza zimene analakwitsa. Lamulo limene silikukhudza zitatuzi, monga la yunifolomu kapena tsitsi, asiyireni ahedi ndi komiti yosungitsa mwambo.

Malangizowa tawalemba tikuganizira kalasi ya ana 70 kapena 80 pa CDSS, ya mabuku ochepa ndi mapiriyodi a mphindi 40. Amene muli ndi ana 30 mudzangofewetsa manambala.

Yambani ndi kuwerengera, malamulo abwere pambuyo

Musanalembe lamulo lililonse, khalani pansi ndi pepala. Lembani chiwerengero cha ana m'kalasi iliyonse imene mwapatsidwa, chiwerengero cha mabuku amene alipodi m'sitolo ya sukulu (osati amene ali m'kaundula, poti ziwirizi sizigwirizana kawirikawiri), mapiriyodi anu pa sabata, ndi maola amene mungathe kuchonga makope osagona pa tebulo.

Masamu ake ndi awa. Kuchonga chimangirizo chimodzi mosamala kumatenga mphindi 6 kapena kuposa. Ana 80 ndiye mphindi 480, kutanthauza maola 8 athunthu pa kalasi imodzi yokha. Ngati muli ndi makalasi atatu, lamulo lakuti "chimangirizo sabata iliyonse, ndipo ndichonga zonse" ndi bodza limene ana adzalitulukira pofika sabata yachitatu. Akangoona kuti makope aunjikana mu sitafu osabwezedwa, malamulo ena onse aja amagwa nawo. Lonjezani zokhazo zimene masamuwa akulola.

Mukatha, werenganinso malamulo a sukulu ndi silabasi yochokera ku MIE (Malawi Institute of Education, bungwe lokonza masilabasi), kenako muonetse zimene mwakonza kwa mkulu wa dipatimenti ya ziyankhulo. Kholo likadzabwera ndi dandaulo, mukufuna kuti ofesi idzakhale ikudziwa kale.

Pepala limodzi, malamulo osaposa asanu ndi atatu

Lamulo lililonse linene chochita, nthawi yake, ndi chimene chidzachitike chikapanda kuchitika. "Muzilimbikira sukulu" si lamulo, ndi pemphero chabe. Lamulo ndi ili: "Chimangirizo chiperekedwe kwa monita Lachisanu piriyodi isanayambe; chobwera Lolemba chidzachotsedwa malikisi 2 pa 20."

Lembani m'Chingerezi chosavuta, choti mwana wa Fomu 1 wochokera ku pulayimale ya kumudzi amve. Ana akopere pa tsamba loyamba la kope, ndipo pepala lina limatidwe pakhoma pafupi ndi bolodi. Kuseri kwa tsamba lomwelo akopere mfundo zomwezo m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka kaya Chiyao malinga ndi dera, kuti kholo kapena womuyang'anira awerenge n'kusaina kapena kudinda chala.

Pansi pake ikanipo malonjezo anu atatu: kufika pa nthawi, kubweza makope pasanathe masiku 7, ndi kusanyoza mwana chifukwa cha Chingerezi chothyoka. Aphunzitsi ena amaona ngati kutero n'kudzichotsera ulemu. Sizili choncho. Ana a sekondale amazindikira msanga malamulo omanga mbali imodzi, ndipo amawamvera pamaso pokha.

Makope

Awiri ndi okwanira: lina la malamulo a chiyankhulo, kumvetsa nkhani ndi manotsi a Literature, lina la zimangirizo zokha. Lachiwirili lisiyanitsidwe chifukwa limakhala kwa inu masiku angapo, ndipo mwana asasowe polemba m'kalasi. Amene makolo ake sangakwanitse, atenge kope limodzi lalikulu, ayambire kutsogolo phunziro lina, kumbuyo lina. Ntchito ya pa pepala long'amba musalandire, imasowa ndipo simungaone ngati mwana akupita patsogolo. Ntchito iliyonse ikhale ndi deti ndi mutu, ndipo kumanzere kusiyidwe mpata wa zala ziwiri woti inu muzilembamo zizindikiro. Alembe ndi bolopeni ya buluu kapena yakuda, ngati pa mayeso.

Nkhani ya chiyankhulo m'kalasi

Apa ndi pamene makalasi ambiri amasokonekera, choncho tichedwepo.

Sukulu zambiri zili ndi lamulo lakuti pasamveke "vernacular". Kwina wopezeka akuyankhula Chichewa amamuveka chikwangwani kapena fupa m'khosi, iye n'kumasakasaka mnzake woti amupatsire. Zotsatira zake n'zodziwika: ana sayamba kuyankhula Chingerezi, amangosiya kuyankhula. Kalasi imakhala chete ngati pamaliro, n'kumayankha ana asanu omwewo chaka chonse. Komanso mumakhala mukuwaphunzitsa kuti chiyankhulo cha amayi awo n'chochititsa manyazi, pomwe piriyodi yotsatira akukaphunzira Chichewa chomwecho kuti adzalembe mayeso.

Mbali ina nayo ili ndi vuto. Mphunzitsi amene amamasulira chiganizo chilichonse m'Chichewa amaphunzitsa ana kudikira kumasulirako. Chingerezi chimangowadutsa m'makutu ngati phokoso la chigayo.

Lamulo logwira ntchito lili pakati, ndipo liyenera kunena malire momveka. Mphunzitsi amaphunzitsa m'Chingerezi. Aliyense woyankha pamaso pa kalasi yonse amayankha m'Chingerezi, chithyoke chisathyoke. Pokambirana m'magulu, ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 aloledwe kuthandizana m'chiyankhulo chawo kwa mphindi zochepa, koma zimene agwirizana azilembe ndi kuzinena m'Chingerezi. Pofika Fomu 3 mpata umenewu uchepe, ndipo mu Fomu 4 utsale wa liwu limodzi lovuta basi. Mwana akasowa liwu pakati pa chiganizo, anene la Chichewa, mnzake kapena inu mumupatse la Chingerezi, iye abwereze chiganizo chonse. Kubwerezako musakudumphe, ndi pamene liwulo limakhazikika.

Lamulo limeneli silingayende popanda mnzake: woseka mnzake wolakwitsa ndiye amayankha funso lotsatira. Litsateni kuyambira tsiku loyamba. Mwana amene anasekedwa mu Fomu 1 chifukwa chosokoneza "l" ndi "r" amatha kufika Fomu 4 osakwezanso dzanja, makamaka atsikana m'kalasi imene anyamata ndi ambiri.

Chichewa chigwiritseni ntchito pofotokoza gwero la zolakwa. M'Chichewa "iye" ndi mwamuna kapena mkazi, n'chifukwa chake ana amasakaniza "he" ndi "she". Tilibe timawu tofanana ndi "a" ndi "the", ndiye amatisiya kapena kutiika paliponse. Kubwereka ndi kubwereketsa zimachokera ku tsinde limodzi, ndiye mumamva "borrow me your pen". Mukawaonetsa pa bolodi ziganizo ziwiri moyandikana, cha Chichewa ndi cha Chingerezi, amamva msanga kuposa kungowauza kuti alakwa.

Mwana akamayankhula musamudule pa cholakwa chilichonse. Musiyeni amalize, musankhe cholakwa chimodzi, munene chiganizocho molondola, n'kupitirira.

Zimangirizo ndi kuchonga

Pa MSCE chimangirizo chimafunika mawu 350 mpaka 500, kaya ndi kalata, lipoti, zoyankhula pa msonkhano kapena nkhani yopeka. Mwana wa Fomu 1 musamuyambitse pamenepo. Teremu yoyamba alembe ndime imodzi ya mawu 60 mpaka 80, yokhala ndi ziganizo zathunthu ndi mpumiro pamalo pake. Pakutha pa Fomu 1 afike ndime zitatu. Mu Fomu 2 afike mawu 200 kapena kuposerapo pokonzekera JCE, ndipo utali wa MSCE auyambe mu Fomu 3. Kumulembetsa masamba awiri asanadziwe kumanga chiganizo ndi kumupatsa malo ochulukitsira zolakwa.

Kuti muthe kuchonga, gawani kalasi ya ana 80 m'magulu anayi a ana 20. Onse alembe kamodzi pa masabata awiri. Ulendo uliwonse chongani mozama magulu awiri, ena awiriwo mungoona kuti alemba, musaine, ndipo asinthane makope kuti achongerane chinthu chimodzi chokha chimene mwawauza, monga zilembo zazikulu poyamba chiganizo. Ulendo wotsatira musinthe. Musamanene msanga gulu limene lichongedwe, apo ayi enawo sadzalemba. Motero mwana aliyense amalandira ndemanga yeniyeni kamodzi pamwezi, ndipo inu mumathera maola 4 m'malo mwa 8.

Musakonze cholakwa m'malo mwa mwana. Dulani mzere pansi pa liwu, m'mbali mulembe chizindikiro: "sp" pa kalembedwe ka liwu, "t" pa nthawi ya mneni, "p" pa zizindikiro za m'kalembedwe, "ww" pa liwu losayenera, ndi kachizindikiro kooneka ngati denga pamene pasowa liwu. Zisanu zimenezi n'zokwanira, ndipo zilembedwe pa pepala la malamulo lija. Pa kope la mwana wofooka musadutse zizindikiro 10. Tsamba lofiira lonse ngati munthu wapherapo nkhuku, mwana amangoyang'ana malikisi n'kutseka.

Ndiye pali lamulo limene likuposa ena onse: ntchito yatsopano sichongedwa ngati zolakwa za ntchito yapitayo sizinakonzedwe. Tsiku lobweza makope, patulani mphindi 15 zoyamba kuti aliyense alembe mutu wakuti "Corrections" ndi kulembanso ziganizo zolakwikazo mokwanira, osati liwu lokhalo. Inu muziyendayenda m'mizere. Mukawauza kuti akakonzere kunyumba, ambiri sakakonza, ndipo maola anu aja mwatunga madzi ndi dengu. Pochonga muzilemba pambali zolakwa zitatu zimene zabwerezedwa ndi ana ambiri, zimenezo ndiye phunziro lanu la malamulo a chiyankhulo sabata imeneyo.

Kuchedwa, kujomba ndi ntchito yochedwa

Mwana wa pa CDSS amatha kuyenda makilomita angapo, ndipo nthawi ya dzinja mtsinje ukadzaza sangaoloke. Kumutsekera kunja piriyodi yonse ndi kumumana Chingerezi chomwe akufunikacho. Lamulo likhale lakuti wochedwa alowe mwakachetechete, akhale pa benchi ya pafupi ndi khomo, monita alembe dzina. Akachedwa katatu pa sabata, muyankhule naye pa buleki kuti mudziwe chifukwa. Njira ina yothandiza ndi kuyamba piriyodi iliyonse ndi kantchito ka mphindi 5 kokhala ndi malikisi, monga ziganizo zitatu zoti akonze. Amene ankachedwa dala amayamba kuthamanga.

Wojomba chifukwa cha malungo, maliro kapena fizi apatsidwe masiku ofanana ndi amene anajomba kuti amalize ntchito, osachotsedwa malikisi. Udindo wofunsa zimene zinaphunzitsidwa ndi wake, choncho sabata yoyamba aliyense asankhe mnzake mmodzi womusungira manotsi. Mtsikana amene wajomba masiku awiri kapena atatu musamufunse chifukwa pamaso pa kalasi. Chimodzimodzi amene wabwerera kusukulu atabereka: ndondomeko yowalola kubwerera ilipo kuyambira 1993, ndipo mphunzitsi asalole nthabwala za iye, ngakhale zobisika m'zitsanzo za pa bolodi.

Ntchito yochedwa popanda chifukwa ilandiridwe mpaka masiku atatu, ndi kuchotsa malikisi ochepa. Kupatsa ziro tsiku loyamba kumaoneka ngati kulimba mtima, koma mwana amangoti basi zatha, osalembanso. Cholinga chanu n'chakuti alembe.

Kukopera, likasa ndi mafoni

Fotokozani tanthauzo la kukopera, chifukwa ana ambiri sadziwa kuti kuloweza chimangirizo cha m'kabuku ka mayankho n'kuchilemba ngati chawo ndi kuba. Kukambirana mfundo n'kololedwa, koma ziganizo zikhale zake. Makope awiri akafanana, onse awiri alembenso pamaso panu pa mutu wina, wokopera ndi wokoperedwa yemwe. Musataye nthawi kufufuza amene anayamba.

Masiku ano mwana amatha kubwereka foni ya mchimwene wake, kufunsa ChatGPT (pulogalamu ya pa intaneti yolembera munthu nkhani) kapena kutenga zotumizirana pa WhatsApp, n'kubwera ndi chimangirizo chosalala kuposa cha mphunzitsi. Mankhwala ake ndi kukonzekeratu. Sabata yoyamba aliyense alembe ndime imodzi m'kalasi, muisunge kuti mudziwe mlingo wake weniweni. Zimangirizo za malikisi ambiri zilembedwe m'kalasi. Mitu ikhale ya pafupi, monga lipoti la mjigo wowonongeka pa sukulu yanu kapena kalata kwa amfumu yokhudza mlatho wa m'dera lanu. Mukakayikira, musamunene kuti waba. Mufunseni tanthauzo la mawu atatu a m'chimangirizo chake, ndipo nkhani imatha yokha. Za kubwera ndi foni kusukulu tsatirani lamulo la sukulu.

Pa mayeso a m'kalasi khalani okhwima ngati a MANEB. Wozolowera likasa mu Fomu 2 adzalowa nalo m'chipinda cha MSCE, kumene akagwidwa zotsatira zake zimafafanizidwa.

Mabuku ndi kuwerenga

Buku lililonse lilembedwe nambala yaikulu pachikuto ndi m'mphepete. Ngati muli ndi mabuku 16 a ana 80, ndiye gulu la ana asanu pa buku, ndipo gulu lililonse likhale ndi nambala yake yosasintha chaka chonse. Buku 7 likang'ambika mumadziwa okawafunsa. Monita awerenge mabuku potulutsa ndi pobweza belu lisanalire. Obwereka kupita nawo kunyumba asaine m'kaundula Lachisanu, abweze Lolemba, ndipo m'nyengo ya mvula buku lisatuluke popanda jumbo.

Pa Literature, lamulo likhale lakuti buku lenilenilo liwerengedwe, osati manotsi okha. Ana amakonda timabuku ta chidule chifukwa n'tatifupi, koma funso likabwera mwa njira ina amasowa poyambira. Perekani masamba owerenga ndi tsiku lake, ndipo tsikulo muyambe ndi mafunso asanu aafupi amene chidule sichingayankhe: ananena mawu awa ndani, anali kuti, kenako chinachitika n'chiyani. Sewero liwerengedwe mokweza, ana atagawana mbali. Ndakatulo imveke m'makutu kawiri musanayambe kuifotokoza.

Patulaninso mphindi 20 pa sabata zowerenga chilichonse mwakachetechete. Kumene kulibe laibulale, nyuzipepala zakale za The Nation kapena The Daily Times zodulidwa ndi kumatidwa pa makatoni zimathandiza. Kumbuyo kwa kope aliyense alembe mawu atsopano asanu pa sabata, lililonse m'chiganizo chake. Inunso nthawi imeneyo muziwerenga, osati kuchonga.

Malikisi a pa lipoti

Ngati sukulu ili ndi kagawidwe kake, tsatirani kameneko. Ngati ilibe, yesani 60 ya mayeso otsiriza teremu ndi 40 ya ntchito ya m'kati mwa teremu: 20 zimangirizo, 10 timayeso tating'ono, 5 kukonza zolakwa, 5 kuyankhula pamaso pa kalasi. Auzeni ana kagawidweka tsiku loyamba, ndipo malikisi muziwalemba m'buku tsiku lomwe mwachonga. Malikisi a Chingerezi asachotsedwe chifukwa cha phokoso kapena mwano. Mukatero lipoti limanama, kholo silidziwa ngati vuto ndi Chingerezi kapena khalidwe. Kuyambira Fomu 3 aonetseninso magiredi a MSCE, 1 ndi 2 kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 kirediti, 7 ndi 8 kungodutsa, 9 kulephera, kuti aliyense adziwe pamene waima.

Chilango

Kukwapula n'koletsedwa, ndipo pamenepo palibe zokambirana. Chibalo chotchetcha kapena kukumba dzenje nthawi ya phunziro nachonso chimalanga inu nomwe, poti mwana yemweyo mudzamupeza pa mayeso asakudziwa kanthu. Musagwiritsenso ntchito kulemba ngati chilango. Wolembetsedwa chiganizo chimodzi ka 200 amaphunzira kudana ndi bolopeni.

Makwerero ake akhale odziwika: chenjezo la pakamwa, kusintha malo okhala, kukambirana naye payekha pamalo oonekera, kudziwitsa mphunzitsi woyang'anira kalasi, kenako kuitana kholo kudzera ku ofesi. Kalasi yonse isalangidwe chifukwa cha ana atatu. Ndipo lamulo ligwire mofanana pa mwana wanzeru, pa mwana wa mphunzitsi mnzanu ndi pa wokhala kumbuyo.

Tsiku loyamba ndi sabata yachinayi

Piriyodi yoyamba igaweni chonchi: mphindi 5 kudziwana, 15 kuwerenga malamulo ndi kufotokoza chifukwa cha lililonse, 10 mafunso ndi maganizo awo, 10 kukopera. Aloleni asinthe kanthu kamodzi, monga tsiku loperekera chimangirizo. Iwo amadziwa tsiku la msika kapena tsiku limene a Masamu amapereka ntchito yambiri. Piriyodi yachiwiri alembe ndime ija yoonetsa mlingo wawo. Yachitatu muwaphunzitse zizindikiro zochongera pogwiritsa ntchito ndime yanu yopeka yokhala ndi zolakwa, osati ya mwana wa m'kalasimo.

M'mera mpoyamba: masabata atatu oyamba ana amayesa ngati mukunenadi zoona, ndiye wobweretsa kope lopanda "Corrections" abwezedwe nalo ngakhale ali mmodzi yekha. Sabata yachinayi tengani pepala lija muone lamulo lililonse. Limene simunalitsate ngakhale kamodzi, lifufuteni pamaso pa ana ndipo muwauze chifukwa. Limene ana oposa theka akulephera, vuto lili pa lamulolo: mwina nthawi yafupika, mwina mabuku sakukwana. Ngati ndinu amene mwalephera kubweza makope m'masiku 7, chepetsani utali wa zimangirizo kapena onjezerani magulu kuchoka pa anayi kufika pa asanu, kenako lembani deti latsopano pa pepala la pakhoma.